Mbiri ya Rabindranath Tagore, Mlakatuli ndi Mphunzitsi wa Ana

Ambiri a ife tikamva za ndakatulo, msanga timakumbuka mayeso. Timaganiza za mizere yoti tiloweze pamtima ndi mafunso amene tidzakumane nawo pakutha pa chaka. M'magazini ino ndafuna kukuuzani, anzanga ndi inu aphunzitsi athu, mbiri ya munthu wina wa ku India amene anadana ndi sukulu ali mwana, koma atakula anamanga sukulu yakeyake, nakhala zaka 40 akuwerengera ana ndakatulo. Dzina lake ndi Rabindranath Tagore. Iye anakhulupirira kuti ndakatulo iyenera kuyamba yalowa m'khutu ndi mumtima wa mwana, ndipo kumasulira mawu kuzibwera pambuyo. Nzeru imeneyi anaiphunzira m'nyumba ya kwawo, ndiponso pa maliro a anthu amene anawakonda.

Ubwana wake

Tagore anabadwa pa 7 Meyi 1861 mumzinda wa Calcutta, umene lero ukutchedwa Kolkata. Masiku amenewo dziko la India linali m'manja mwa Angerezi, ndipo likulu la boma lawo linali mumzinda womwewo. Banja la kwawo linali lolemera ndi lodziwika, ndipo linkakhala m'nyumba yaikulu ku Jorasanko pamodzi ndi abale ambirimbiri ndi antchito awo. Bambo ake, a Debendranath, anali mtsogoleri wa chipembedzo, ndipo kawirikawiri ankakhala ali pa ulendo. Amayi ake, a Sarada Devi, anali ndi ana ambiri, pakuti Rabi, monga ankamutchulira pakhomo, anali wa nambala 14. Motero mwanayo analeredwa ndi antchito, ndipo amayi ake sankawaona pafupipafupi.

Wantchito wina, pofuna kuti mwanayo asamuvute, ankamukhazika pafupi ndi zenera, nalemba mzere wa choko pansi momuzungulira, namuopseza kuti akangoudumpha tsoka limugwera. Rabi ankakhala momwemo nthawi yaitali, akuyang'ana dziwe ndi mtengo waukulu wonga kachere zimene zinali kunja. Koma madzulo kunkakoma. Wantchito wina, amene kale anali mphunzitsi kumudzi, ankasonkhanitsa ana pa nyali ya mafuta a nsatsi, nawawerengera nthano zakale za Amwenye zolembedwa mwa ndakatulo. Anawo ankamvetsera kukamwa kuli yasa, monga tinkachitira ife pomvera nthano za agogo.

Zinthu ziwiri za pa ubwana wake sanaziiwale. Choyamba chinali m'buku lake loyamba la kuwerenga. Atatopa ndi masipelo, anapeza kamzere kakafupi konena za mvula ndi masamba, kamene mawu ake anali kugwirizana kumapeto. Atakula analemba kuti imeneyo inali ndakatulo yoyamba m'moyo wake, ndi kuti tsiku lonselo kamzereko kanali kulira m'mutu mwake. Chachiwiri chinachitika pa tsindwi la nyumba ina ya m'mbali mwa mtsinje. Mkulu wake woyamba kubadwa, Dwijendranath, ataona mitambo ikusonkhana, anayamba kulakatula mokweza ndakatulo ya Kalidasa, mlakatuli wakalekale, yonena za mwamuna amene ali kutali ndi mkazi wake ndipo akutuma mtambo kuti ukamuperekere uthenga. Ndakatuloyo inali m'chinenero chakale cha Sanskrit, chimene Rabi sanali kuchimva konse. Komabe liwu la mkulu wakeyo ndi kayendedwe ka mizere zinamukwanira, ndipo mtima wake unagwidwa.

Kusukulu zinthu zinali zosiyana. Mwana akalephera kubwereza phunziro, ankamuimika pa benchi atatambasula manja, namusanjikira masileti m'manjamo. Rabi akafika kunyumba ankasewera zauphunzitsi: timitengo ta mpanda wa pakhonde ndito tinali ana ake a sukulu, ndipo ankatikwapula ndi ndodo monga anaonera m'kalasi. Anamusinthira sukulu kangapo, koma sizinathandize, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 14 analeka osabwereranso. Koma ndakatulo anali atayamba kale kulemba m'kakope ka buluu ali ndi zaka 8 zokha.

Ulendo wa kumapiri ndi imfa ya amayi

M'chaka cha 1873 bambo ake anamutenga pa ulendo wautali. Poyamba anaima pa Santiniketan, malo a chidikha amene bamboyo anagula kuti azikapempherako, pa mtunda wa mailosi pafupifupi 100 kuchokera ku Calcutta. Kwa nthawi yoyamba mwana wa m'mzere wa choko uja analoledwa kuyenda kulikonse kumene anafuna. Pambuyo pake anakwera mapiri a Himalaya. Kumeneko bambo ake ankamudzutsa kusanache kuti aphunzire Sanskrit, ndipo usiku ankamuonetsa nyenyezi namuuza maina ake.

Atabwerera kunyumba anapeza kuti amayi ake ayamba kumunyadira. Ankamuitana pakati pa amayi anzawo kuti asimbe za ulendo wake ndi kulakatula zimene anaphunzira. Ndakatulo ndizo zinamufikitsa pafupi ndi amayi ake. Koma chimwemwecho sichinakhalitse, pakuti m'chaka cha 1875 amayiwo anamwalira, iye ali ndi zaka 13. Imfayo inachitika usiku ana ali m'tulo. M'mawa anaona amayi ake atagonekedwa pa kama pabwalo, nkhope yawo ili ngati ya munthu wogona, ndipo sanachite mantha. Chisoni chinamugwera pokhapokha pamene mtembo unatuluka pa chipata, atazindikira kuti sadzalowanso pa khomo limenelo. Patapita zaka, maluwa oyera a jasmine akamukhudza pamphumi, ankakumbuka zala za amayi ake.

Amene anamulera pambuyo pake anali mlamu wake, Kadambari, mkazi wa mkulu wake wina. Mtsikanayu ankakonda ndakatulo, ndipo ankawerenga naye mabuku ndi kumuuza mosabisa pamene zolemba zake zinali zosakoma. Iyenso anamwalira mwadzidzidzi mu 1884, ndipo imfa imeneyi inamupweteka Tagore moyo wake wonse.

Banja lake ndi sukulu yake

Mu 1878 anamutumiza ku England kuti akaphunzire, koma mu 1880 anabwerako wopanda digiri. Mu 1883 anakwatira Mrinalini Devi, amene anali ndi zaka pafupifupi 10, monga unalili mwambo wa kumeneko masiku amenewo. M'kupita kwa zaka anabereka ana asanu, aakazi atatu ndi aamuna awiri. Tagore anapatsidwa ntchito yoyang'anira minda ya banja lawo ku Shilaidaha, m'mbali mwa mtsinje wa Padma, dera limene lero lili m'dziko la Bangladesh. Ana ake atafika pa msinkhu wa sukulu, anakumbuka benchi ndi masileti aja, ndipo anayamba kuwaphunzitsira pakhomo.

M'mwezi wa Disembala 1901 anatsegula sukulu yogonera konko pa Santiniketan paja. Anayamba ndi anyamata asanu, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wake, Rathindranath. Ndalama zinali zosowa. Iye anagulitsa nyumba yake ina ndi mabuku, ndipo mkazi wake anapereka zokongoletsera zake za golide kuti sukuluyo isafe. Mayiyu ankasamalanso anyamatawo ngati ana ake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimodzi chimene sichimukometsa. M'chaka chomwecho cha 1901 anakwatitsa ana ake aakazi awiri akali aang'ono, ndipo wachiwiri, Renuka, anali ndi zaka 10 zokha. Munthu amene anamvetsa bwino mtima wa mwana anagonjera mwambo umene unalanda ana ake omwe ubwana wawo. Anthu otchuka nawonso amalakwa, ndipo mbiri yoona siyenera kubisa zimenezi.

Zaka za maliro

Sukulu isanathe chaka, Mrinalini anadwala. Mwamuna wake anamudwazika yekha, koma pa 23 Novembala 1902 anamwalira. Tagore anamulira m'ndakatulo 27 zimene anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa Smaran, ndiye kuti chikumbutso. Ndakatulozi zilibe mawu odzikuza ayi, zimanena za tinthu tating'ono ta m'nyumba. Ina imasimba m'mene anapezera makalata ake akale amene mkaziyo anali atawasunga mobisa osamuuza.

Misozi isanaume, Renuka anayamba kudwala chifuwa chachikulu. Mu 1903 bambo ake anapita naye ku Almora, kumapiri, poyembekeza kuti mpweya wa kumeneko umuchiza. Ali kumeneko, akudwazika mwana mmodzi ndipo mtima uli pa ena aang'ono amene anatsala opanda mayi, analemba zambiri mwa ndakatulo za m'buku lotchedwa Shishu, ndiye kuti mwana. Zina mwa izo anazimasulira m'Chingerezi, ndipo zinatuluka mu 1913 m'buku lotchedwa The Crescent Moon.

Munthu angaganize kuti bambo wa pa mavuto otere akanalemba zolira zokhazokha, kapena malangizo ouza ana kuti azimvera makolo. Koma si m'mene zilili. M'ndakatulo zambiri wolankhula ndi mwana amene akucheza ndi amayi ake. Mu ina, kamnyamata kakuyerekeza kuti kali pa kavalo m'chipululu, amayi ake ali m'machila. Achifwamba awaukira, onyamula machila athawa, koma iko kamenyana nawo kokha mpaka kuwagonjetsa. Mu ina mwana akulakalaka atasanduka duwa la mumtengo kuti azionerera amayi ake akumufunafuna. Mu inanso mwana akudandaula kuti bambo ake amadetsa mapepala ambirimbiri ndi zolembalemba zosamveka popanda wowakalipira, pamene iye akatenga pepala limodzi lokha kuti apange kabwato, amadzudzulidwa. Ilipo ina yomvetsa chisoni, m'mene mwana akutsazika amayi ake mbandakucha, nawalonjeza kuti adzawayendera mu mphepo, m'madzi ndi m'maloto.

Taonani chimene anachita. Ana ake analibe mayi, koma m'ndakatulomo mayi ali moyo: akuchokera kosamba, akuwerenga masana, akunyamula nyali madzulo. M'kalata ina anauza mnzake kuti chikondi cha mwana wake wamng'ono ndi mayi ake ndicho chinali chikumbutso chake chotsiriza chokoma cha moyo wa m'banja. Mwana wamng'onoyo anali Samindranath. Renuka anamwalira mu Seputembala 1903 ali ndi zaka 12. Bambo ake a Tagore anamwalira mu 1905. Ndipo mu Novembala 1907 Samindranath yemweyo, amene anali ndi mtima wa ndakatulo ngati bambo ake, anagwidwa ndi kolera ali kocheza kwa mnzake, namwalira ali ndi zaka pafupifupi 11. M'zaka zisanu zokha Tagore anataya mkazi, bambo ndi ana awiri. Koma sukulu sanaitseke. Anabwerera kwa ana a anthu ena, napitiriza kuwaphunzitsa.

Kaphunzitsidwe kake

Ku Santiniketan makalasi ankachitikira panja, pansi pa mitengo, ana atakhala pa timphasa tawo. Tsiku linkayamba ndi nyimbo ndi kutha ndi nyimbo. Tagore akalemba ndakatulo kapena nyimbo yatsopano, ankaiwerenga kapena kuiimba pamaso pa aphunzitsi, ndipo ana ankabwera okha kudzamvera popanda wowakakamiza. Pakapita masiku owerengeka, nyimbo ija inkamveka ikuimbidwa ndi timagulu ta anyamata usiku wa mwezi, kapena pamene mitambo ya mvula inali kubwera.

Iye sankasankhira ana zofewa zokhazokha. Pokumbuka tsiku la pa tsindwi lija, ankanena kuti mwana amatolapo kanthu ngakhale pa zimene sakuzimvetsa zonse, ndi kuti ntchito yaikulu ya mphunzitsi ndiyo kudzutsa mtima wa mwana. Mwana akafunsidwa kuti afotokoze chimene wamva, mwina adzayankha zoseketsa, koma chimene chachitika m'kati mwake n'chachikulu kuposa chimene pakamwa pake pangathe kunena. Amene amayesa maphunziro ndi mayeso okha sachiona chimenechi.

M'zaka zoyamba anali ndi mphunzitsi wachinyamata, Satish Chandra Roy, amene anafika ali ndi zaka pafupifupi 19, ndipo nayenso anali mlakatuli. Mnyamatayu sankakayikira nzeru za ana. Ankawawerengera chilichonse chimene iye mwini anali kuchikonda, ndipo anawo sankamva ngati ali m'kalasi. Anamwalira ndi nthomba mu 1904, koma Tagore ankamutchulabe ngati chitsanzo cha mphunzitsi weniweni, amene amaphunzitsa chimene chikuyaka mumtima mwake.

Tsono ana ankayankha bwanji ndakatulozo? Ankaziimba, ankasewera masewero amene Tagore anawalembera, ankajambula zithunzi, ndiponso ankalemba zawozawo. Anali ndi misonkhano yawo yowerengerana zolemba, ndi magazini olembedwa pamanja ndi kukongoletsedwa ndi zithunzi. Tagore analemba kuti pa sukulupo panali magazini osachepera atatu, ndi kuti okondweretsa koposa anali a ana aang'ono. Ife amene tasonkhanitsa magazini ino tingaone kuti ntchito yathu ili ndi abale ake akutali.

Tisaganize kuti iye ankanyoza kudziwa tanthauzo la mawu. Anali mphunzitsi wakhama, ndipo analemba mabuku ophunzitsira Chingerezi ndi Chibengali. Mu 1930, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 70, anatulutsa Sahaj Path, buku la ana oyamba kumene kuwerenga, m'mene zilembo zimaphunzitsidwa ndi timizere tokoma m'khutu, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Nandalal Bose. Chimene ankakana ndicho kuyamba ndi kumasulira mtima usanalawe kanthu. Mu 1918 analemba nthano ya mbalame imene mfumu inalamula kuti iphunzitsidwe. Anaimangira khola la golide, naiphatika mapepala a m'mabuku kukhosi tsiku ndi tsiku. Pomaliza mbalameyo inafa, ndipo mfumu itaigwira, sinalire, koma munangomveka mapepala okhaokha m'mimba mwake.

Kutchuka kwake ndi imfa yake

Mu 1912 anapitanso ku England atatenga ndakatulo zake zimene anazimasulira yekha m'Chingerezi. Zinasindikizidwa m'buku lotchedwa Gitanjali, ndipo mawu oyamba analemba ndi mlakatuli wa ku Ireland, W. B. Yeats. Mu 1913 analandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba, ndipo anali munthu woyamba wosakhala Mzungu kuilandira. Ndalama zake anathandizira sukulu. Mu 1915 mfumu ya Angerezi inamupatsa ulemu wa Sir, koma mu 1919 anaubweza, asilikali a boma atawombera ndi kupha anthu mazanamazana opanda zida ku Amritsar. Mu 1921 anakhazikitsa pa Santiniketan sukulu ya ukachenjede yotchedwa Visva-Bharati. Ena mwa amene anaphunzira pa malowa ndi Indira Gandhi, amene anadzakhala nduna yaikulu ya India, ndi Amartya Sen, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1998.

Maliro sanamuleke. Mwana wake woyamba, Madhurilata, anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1918, kotero kuti mwa ana asanu aja, awiri okha ndiwo anatsala. Tagore anamwalira pa 7 Ogasiti 1941, ali ndi zaka 80, m'nyumba yomwe ija ya ku Jorasanko m'mene anabadwira. Sanaone ufulu wa dziko lake, umene unadza mu 1947. Anasiya nyimbo zoposa 2,000, ndipo ziwiri mwa izo zinasanduka nyimbo za fuko, ina ya India, ina ya Bangladesh. Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika Santiniketan m'gulu la malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Tiphunzirapo chiyani?

Tonse pano tinasiya makolo kumudzi. Tikudziwa m'mene zimakhalira sabata yoyamba ya teremu, nyali zikazima, pamene mnzathu wa Fomu 1 afunda bulangete kumutu kuti tisamve kuti akulira. Ena mwa ife amayi awo anapita kale, ndipo tchuthi chikafika amakapeza nyumba ili zii. Zoterezi sitizinena, chifukwa timachita manyazi, ndiponso chifukwa tilibe mawu ake. Tagore anaona kuti ndakatulo yonena za mayi, za bambo kapena za wokondedwa amene ali kutali imabwereka mwana mawu amene iye alibe. Koma kuti itero, iyenera kumveka mokweza, kuchokera pakamwa pa munthu amene akuikonda, ndipo mwana apatsidwe mpata woyankha m'njira yake, kaya ndi nyimbo, kaya ndi chithunzi, kaya ndi mizere yake inayi yokhotakhota, kaya ndi kungokhala chete.

Mayeso tidzalembabe, ndipo matanthauzo a mawu tidzawaphunzirabe. Pempho langa kwa aphunzitsi athu, mwaulemu, ndi lakuti tsiku loyamba la ndakatulo yatsopano muzitiwerengera yonse kawiri, choko chili pansi, ndipo mafunso abwere mawa lake. Kwa inu anzanga ndikuti, ambiri a ife tidzakhala aphunzitsi, ndipo pafupifupi tonse tidzakhala makolo. Akulu anati m'mera mpoyamba. Tchuthi chikubwerachi, tengani ndakatulo imodzi imene munaikonda chaka chino, kapena nyimbo imene amayi ankakuimbirani muli kumsana, mukakhale pansi ndi mng'ono wanu madzulo, mumuwerengere kapena kumuimbira. Mukatha musamufunse mafunso. Dikirani mumve chimene anene yekha.